Posting yatulukanso: mmene mungasungire ntchito muli pabanja ndi msilikali

Funso limeneli ndakhala ndikuliyankha kwa munthu mmodzimmodzi, pafoni, kutchalitchi, ngakhale pa chinkhoswe cha eni ake: "Abambo akunyumba awasamutsira ku Chilumba, nanga ine ntchito yanga nditani?" Wina amati, "Ndafika ku Zomba miyezi yatha, paliponse akungoti tidzakuimbirani." Ndaona kuti ndilembe kamodzi zonse zimene ndimanena. Ndikulankhula kwambiri ndi amayi chifukwa ndiwo ambiri, koma masiku ano asilikali aakazi aliponso, choncho alamu anga amene munakwatira asilikali, zonsezi n'zanu.

Chachikulu chimene ndikufuna mugwire n'chakuti ntchito ya kumalo kumene mukupita imakonzedwa muli kumene mukuchoka. Ambiri amayamba kuganiza za ntchito katundu atatsitsidwa kale m'lole, pamene zikalata zofunika zatsala kutali ndipo bwana wakale wakwiya.

1. Funsani kaye: ndi posting, kosi kapena mishoni?

Mawu atatuwa amamveka tsiku ndi tsiku m'balaki, koma kwa inu akutanthauza zinthu zosiyana kwambiri. Posting ndiko kusamutsidwa kwenikweni, msilikali kuchotsedwa pagulu lina kupita lina, ndipo ndi pamene banja limayembekezeka kutsatira. Kosi ndi maphunziro, monga aja a ku koleji ya asilikali ya MAFCO ku Salima kapena a kunja kwa dziko, ndipo ikatha munthu amabwerera, ngakhale nthawi zina kosi imatsogolera kukwezedwa paudindo kenako posting. Mishoni ndi ntchito yosungitsa mtendere, monga ya ku DRC kumene asilikali athu akhala akupita kwa zaka zambiri tsopano. Kumeneko banja silitsatira.

Musasiye ntchito chifukwa cha kosi kapena mishoni. Musasiyenso chifukwa cha mphekesera ya kumalayini, kuja kunyumba za mabanja a asilikali, chifukwa mphekesera za posting zimayenda chaka chonse. Dikirani akunyumba auzidwe ndi akuluakulu awo, ndi tsiku lokafikira. Funsaninso za nyumba. Nyumba za m'balaki sizikwanira aliyense, ndipo ngati mukachite lendi kunja, inunso muyenera kunenapo za dera limene mukakhale, loyandikira msika, sukulu kapena msewu wa minibasi.

2. Dziwani malo amene mungadzapezeke

Ubwino wake malo a asilikali ndi odziwika, choncho mungathe kukonzekeratu. Kamuzu Barracks ili ku Lilongwe, Cobbe ku Zomba, Moyale ku Mzuzu. Amenewa ndi a m'tauni, kuli maofesi, masukulu apulaiveti, zipatala, mabungwe ndi makasitomala ambiri. Koma kulinso Chilumba ku Karonga, Mvera ku Dowa, Changalume kunja kwa Zomba, Senga Bay ku Salima, Monkey Bay ku Mangochi ndi Kasungu. M'malo ambiri mwa amenewa ntchito zolembedwa n'zochepa, zimazungulira pa sukulu, chipatala, malo ogona alendo a kunyanja ndi mabungwe ochepa.

Dzifunseni moona mtima: zimene ndimachita pano zingagwirike ku Mvera? Ngati yankho ndi ayi, yambani lero kuphunzira chachiwiri chimene chingagwirike. Chilankhulonso muchiganizire. Ku Mzuzu ndi ku Chilumba, moni ndi mitengo mukamazinena m'Chitumbuka anthu amakumasukirani msanga. Ku Mangochi n'chimodzimodzi ndi Chiyao.

3. Khalani ndi fayilo imene siikwera lole

Gulani fayilo yapulasitiki, muikemo chiphaso cha unzika cha NRB, setifiketi ya MSCE ndi ena onse a sukulu, mtchatho wa ukwati, makalata olembedwera ntchito, mapesilipi a miyezi itatu yomaliza, nambala yanu ya penshoni, makalata okuchitirani umboni ndi zithunzi za pasipoti. Chilichonse chijambuleni bwinobwino ndi foni n'kudzitumizira pa imelo yanu. Tsiku losamuka fayiloyi ikhale m'chikwama chanu cha pamanja. Makatoni amanyowa, amasochera, ena amakatsegulidwa patatha theka la chaka.

Mtchatho ndikuutchula mwadala. Ambiri anakwatirana mwachinkhoswe basi, ndipo ukwati wotere ndi wovomerezeka pansi pa lamulo la maukwati la 2015. Koma mukamapempha kusamutsidwa kuti mutsatire banja, ofesi imafuna pepala. Ngati mulibe, pitani kwa DC kapena kumpingo kwanu mukafunse njira yolembetsera, posting isanatuluke. Onetsetsaninso kuti dzina la pa setifiketi, pa chiphaso ndi pa mtchatho likugwirizana. Ngati munasintha dzina mutakwatiwa, khalani ndi kalata yolumbira yofotokoza zimenezo.

Nambala ya foni ndi imelo musamasinthe. Ntchito zambiri zimadutsa anthu chifukwa nambala ya pa CV inatayidwa pamodzi ndi simu yakale.

4. Sankhani luso limene limayenda nanu

Pali ntchito zimene chiphaso chake chimagwira dziko lonse: uphunzitsi, unamwino ndi uzamba, zowerengera ndalama, utelala, kukonza tsitsi, kuphika, zamagetsi, kulera ana a mkombaphala. Ngati ndinu namwino, musalole kuti chilolezo chanu cha ku Nurses and Midwives Council of Malawi chithe mphamvu pamene muli pakhomo. Aphunzitsi, tsatirani za kulembetsa ku Teachers Council of Malawi. Kukonzanso zinthu zimene zinafa kumadya nthawi ndi ndalama kuposa kuzisunga zamoyo.

Ngati luso muli nalo koma pepala mulibe, kafunseni ku ofesi ya TEVETA kapena ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu za mayeso a luso la manja, monga a Trade Test. Telala wa pepala angathe kupempha oda ya mayunifolomu pa sukulu imene sakumudziwa, pamene wopanda pepala amayenera kudikira kuti mbiri yake imveke.

Ofuna kubwerera kusukulu, sankhani maphunziro a ODeL, aja ophunzira muli kunyumba n'kumapita kukoleji nthawi yochepa yokumana ndi aphunzitsi ndi kulemba mayeso. Mzuzu University, LUANAR ndi Domasi College of Education ali nawo. Musanalipire, funsani kumene mayeso amalembedwera ndiponso zimene zimachitika munthu akasamuka pakati pa chaka. Sukulu zina zing'onozing'ono za m'tauni zimapereka mapepala amene sadziwika kwina kulikonse. Funsani ngati maphunzirowo ndi ovomerezeka ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, kapena TEVETA.

Kwa a geni, lamulo langa ndi ili: mpamba wanu ukhale m'zinthu zonyamulika. Makina osokera, dirayala, uvuni, foni yabwino, zimenezi zimakwera lole. Kumanga okala ya njerwa pamalo a eni ake kapena kukhoma khola lalikulu la nkhuku kuseri kwa nyumba ya boma n'kukwirira ndalama pamalo amene mudzawasiya.

5. Chokani bwino

Apa ndipo pagona nkhani, ndipo ndi pamene malangizo ambiri amangolumpha. Pakati pa tsiku limene posting yatuluka ndi tsiku limene lole ikubwera pamakhala masabata ochepa, mutu uli pa makatoni ndi matransifa a ana. Komatu masabata amenewa ndiwo amagamula ngati mudzagwirenso ntchito kapena ayi.

Choyamba, khalani pansi awiriwiri. Msilikali alibe chosankha, tsiku limene wauzidwa ayenera kukaonekera. Inu lamulo limenelo silikukumangani. Si mlandu kuti abambo atsogole, inu mutsale mwezi umodzi kapena teremu yonse mukumaliza notisi, ana akumaliza mayeso, kalata yanu ikuyenda m'maofesi. Ndikudziwa kuti nkhani imeneyi ndi yolemera. Pali mantha a zimene zimachitika banja likakhala patalipatali, pali apongozi amene adzafunse chifukwa chimene mwana wawo akudziphikira, pali anzanu a kumalayini amene adzalankhule. Sindikupeputsa chilichonse mwa zimenezi. Koma kambiranani ndi pepala ndi cholembera: lendi ya malo awiri ndi zingati, thiransipoti yoyenderana ndi zingati, malipiro anu ndi zingati, ndipo mukawataya mudzatenga nthawi yaitali bwanji kuti mupeze ena kumalo kumene mukupitako. Ikani tsiku lenileni limene mudzakhalenso pamodzi, chifukwa "tiona" ndi amene amasandutsa miyezi iwiri kukhala zaka ziwiri. Ngati nyumba imene muli ndi ya m'balaki, akunyumba afunsiretu kuti muyenera kutuluka liti, mudziwe ngati mufunika kupeza kachipinda ka lendi. Zikavuta kumvana, ankhoswe ntchito yawo ndi imeneyi, osadikira kuti zifike poipa.

Ngati mumagwira ntchito m'boma, musayerekeze kungonyamuka. Kusowa pantchito popanda chilolezo kumaimitsa malipiro ndipo kungakuchotsetseni ntchito, ngakhale chifukwa chanu chikhale chomveka bwanji. Lembani kalata yopempha kusamutsidwa potsatira banja. Mphunzitsi wa pulayimale aidutsitse kwa ahedi, kenako kwa PEA, mlangizi wa masukulu a m'zoni, ipite ku ofesi ya maphunziro ya m'boma, imene ambiri timaitchulabe kuti kwa DEM. Wa zaumoyo aidutsitse kwa womuyang'anira ipite ku ofesi imene tinazolowera kuti kwa DHO. Phatikizanipo mtchatho ndi kalata yochokera kuntchito kwa akunyumba yotsimikiza kuti asamutsidwa. Kalata imeneyi aipemphe iwo kudzera kwa akuluakulu awo, inu musapite nokha kukagogoda m'maofesi a asilikali.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kusamuka kuchoka m'boma lina kupita lina kumafuna mbali ziwiri: okutulutsani avomere, okulandirani anene kuti malo alipo. Choncho musangosiya kalata n'kukhala chete. Pitani kapena imbani ku ofesi ya kumene mukupita, mufunse sukulu kapena zipatala zimene zikusowa anthu. Masukulu a m'tauni amakhala odzaza, mwa zina chifukwa cha otsatira mabanja omwewa, ndiye mukaumirira sukulu ya pafupi ndi geti la balaki mungadikire nthawi yaitali. Kuvomera sukulu ya kunja pang'ono, yofika pa kabaza, kumafulumizitsa zinthu, ndipo mukalowa m'bomalo kusuntha kwachiwiri kumaphweka. Kalata iliyonse imene mwapereka ikhale ndi kope yanu yodindidwa chidindo ndi tsiku. Pitirizani kugwira ntchito mpaka kalata yokusamutsani ili m'manja. Lonjezo la pakamwa musalidalire, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mukafika, lembetsani tsiku lofikira ndipo tsatirani mpaka dzina lanu la malipiro litasamuka.

Ngati muli pa kampani, bungwe kapena sukulu yapulaiveti, funsani kaye ngati ali ndi nthambi kumene mukupita. Mabanki, masitolo akuluakulu, makampani a mafoni ndi mabungwe ambiri ali ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu komwe. Ngati ntchito yanu ndi ya pakompyuta, funsani ngati mungaigwire muli kutali ngakhale kwa miyezi yoyeserera. Zikakanika, siyani mwadongosolo. Lamulo la zantchito la 2000 limati wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, koma onaninso kontirakiti yanu chifukwa ina imafuna yoposerapo. Mukapanda kupereka, abwana angathe kukudulani ndalama ya nthawiyo. Lamulo lomwelo limakupatsani ufulu wopempha kalata yosonyeza kuti munagwira ntchito yanji, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso limati zimene muyenera kulandira zilipidwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha, kuphatikizapo masiku a tchuthi amene simunapite. Mukasiya nokha musawerengere severance, ija imaperekedwa ntchito ikatha chifukwa kampani yachepetsa anthu. Kalata yokuchitirani umboni muitenge musanachoke, mabwana amasintha ndipo watsopano sadzakudziwani. Akakuvutitsani, ofesi ya zantchito ili m'boma lililonse.

Penshoni musaiiwale. Mwezi ndi mwezi inu mumadulidwa 5 peresenti, abwana amaikapo 10 peresenti, ndipo ndalamazo n'zanu ngakhale musiye ntchito. Tengani dzina la kampani yosunga penshoniyo, nambala yanu ndi sitetimenti, muone ngati abwana amaperekadi. Mukapeza ntchito ina mungapemphe kuti zisamutsidwe. Lamulo limalola kutapako munthu akakhala miyezi ingapo osagwira ntchito, koma ine ndimati zisiyeni pokhapokha zitavutitsitsa. Munthu wosamukasamuka akamatapa paliponse pamene wachoka, amadzafika ukalamba alibe kanthu.

A geni, tsiku limene mwamva za posting lekani kukongoza. Ngongole za kumalayini zimabwezedwa pamapeto a mwezi, ndipo anthu akamva kuti mukuchoka ena amayamba kukuzembani. Lembani mayina, tolerani mwakachetechete malipiro akangotuluka, zotsala mugwirizane kuti adzatumize pa Airtel Money kapena Mpamba. Katundu wosachedwa kuwonongeka mugulitse motchipa. Ku banki mkhonde, werengani malamulo a gulu pa za munthu wochoka chaka chisanathe: magulu ena amabweza masheya opanda chiwongoladzanja, ena amalola kuti muziponya pafoni mpaka tsiku logawana. Ngongole yanu bwezani yonse. Mabanja a asilikali amazungulira m'malo omwewo, ndipo amene mwamuthawa ku Moyale mudzamupeza ku Cobbe ali msungichuma wa gulu limene mukufuna kulowa.

6. Mwezi woyamba, yendani

Musadikire kuti nyumba ikhale m'malo mwake. Sabata yoyamba kadzionetseni kwa atsogoleri a amayi a m'balaki ndi kumpingo kapena kumzikiti, munene poyera zimene mumatha: "Ndine mphunzitsi wa masamu," "Ndimasoka masuti." Ntchito zambiri za m'madera ang'onoang'ono sizilengezedwa m'nyuzipepala, zimamveka pakamwa. Mabalaki ambiri ali ndi sukulu ndi chipatala mmene mumagwiranso anthu wamba, kafunseni mmene amalembera. Onani zikwangwani za kwa DC ndi kukhonsolo, kumene kumamatidwa ntchito zakanthawi monga za kalembera ndi kafukufuku.

Geni musayambe musanafunse malamulo a pamalopo. Balaki lililonse lili ndi zimene limalola ndi zimene limaletsa kumalayini, makamaka pa mowa, ziweto ndi anthu akunja olowa kudzagula, ndipo mukalakwitsa amene amakayankha ndi akunyumba. Yang'anani msika sabata ziwiri musanaode kanthu. Ngati nyumba zisanu zikugulitsa kale mafiriziseti ndi mandasi, yachisanu ndi chimodzi ingogawana njala. Kusamukasamuka kuli ndi phindu limodzi limene anthu okhazikika alibe: mumadziwa anthu m'zigawo zonse. Muli ku Chilumba mungathe kutumiza mpunga wa Kilombero kwa makasitomala anu akale a ku Lilongwe. Muli ku Monkey Bay kapena ku Senga Bay, usipa ndi utaka zili pakhomo. Sungani manambala a makasitomala m'gulu la WhatsApp limene simulitseka mukasamuka.

Ngati geni yakula, ilembetseni ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi ndipo mutenge nambala ya msonkho (TPIN) ku MRA. Zimenezi zimagwira dziko lonse, chimene mumatenganso mwatsopano ndi layisensi ya khonsolo ya kumene mwafika.

7. CV ndi funso lija la pa intavyu

CV ya munthu wosamukasamuka imaoneka yodukaduka. Musabise, koma muikonze. Pamwamba lembani zimene mumatha ndi zaka zonse pamodzi, kenako malo amene munagwirako. Nthawi imene munali pakhomo koma mukusunga mabuku a banki mkhonde, kuphunzitsa ana a mkombaphala kumpingo kapena kuyendetsa geni, ilembeni monga ntchito, ndi dzina la munthu amene angachitire umboni. Keyala ikhale ya kumene mukupita, ndipo yambani kutumiza makalata musanasamuke, mutanena tsiku limene mudzakhale mutafika.

Akangomva kuti mumakhala kubalaki, funso limabwera: "Nanga amuna anu akasamutsidwanso?" Lamulo la zantchito limaletsa kusala munthu chifukwa cha banja kapena udindo wa pabanja, komabe funsolo lidzafunsidwa, ndipo kukwiya sikungakuthandizeni. Kunama kuti simudzachoka n'kolakwikanso. Yankhani zimene zili m'manja mwanu: kuti mwangofika kumene, kuti kumene munachoka munapereka notisi yonse n'kuphunzitsa wolowa m'malo mwanu, kuti kalata yake ndi iyi ndipo angathe kuimba. Apa m'pamene kuchoka bwino kuja kumakulipirani. Ntchito za kontirakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri, zimene ena amazinyoza, kwa inu n'zabwino, chifukwa funsoli silikhala ndi mphamvu.

Za ntchito ya akunyumba, nenani zochepa. Kumene ali, tsiku limene gulu lawo likunyamuka kapena kubwera, zimenezo si za pa intavyu, si za pa Facebook, si za m'gulu la makasitomala.

8. Nthawi ya mishoni ndi anthu amene amaidikirira

Akunyumba akapita ku mishoni mumatsala nokha ndi ana kwa miyezi yambiri. Konzani msanga za wokusamalirani ana, kaya ndi m'bale kaya kusinthana ndi mnzanu wa khomo loyandikana, kuti musamajombe kuntchito. Gwirizanani asananyamuke kuti pa ndalama za ku mishoni, zingati zipite ku sukulu yanu kapena ku chipangizo cha geni, ndipo khalani ndi akaunti ya dzina lanu kubanki kapena ku SACCO, yosiyana ndi ya ndiwo.

Akamberembere amadziwa nthawi imene ndalamazi zimafika. Adzabwera ndi mabizinesi oti muponye ndalama n'kukopa anzanu atatu, adzabwera a katapila, adzabwera olonjeza ntchito m'boma mukapereka kangachepe. Ntchito yeniyeni salipiritsa fomu kapena intavyu pa nambala ya foni ya munthu. Samalaninso ndi olonjeza ntchito zapakhomo kunja kwa dziko. Amayi ambiri a ku Malawi amene anapita ku Oman mwa njira imeneyi analandidwa mapasipoti n'kuzunzika, ndipo kuwabweza kunali kovuta. Wina akakulonjezani ntchito yakunja, tengani dzina la kampani yake mupite nalo ku ofesi ya zantchito mukafunse ngati ndi yovomerezeka, musanapereke pasipoti kapena tambala iliyonse.